Phunziro: Kusamala kompyuta kuti zolemba zathu zisatayike

M'mipingo yambiri mlembi ndi msungicuma wa Cigwirizano salembanso m'buku lokha. Maina a mamembala, zopereka za mwezi ndi mwezi ndi malipoti a ku misonkhano zimasungidwa m'kompyuta. Buku likanyowa timaliyanika padzuwa, koma kompyuta ikafa, zolemba za zaka zambiri zingatayike tsiku limodzi. Ndipo tidziwa kuti nkhani ya ndalama ikasowa umboni, kukaikirana kumalowa pakati pathu. Cotero tiyeni tiphunzire zinthu zisanu.

1. Malo ake

Kompyuta imatentha ikamagwira nchito, ndipo ili ndi timabowo totulutsira mpweya wotentha. Iikeni pathebulo, osati pabedi kapena pamphasa, cifukwa timabowoto timatsekeka. Fumbi la mu September ndi October nalonso limatseka timabowo timeneti. Mukaizima ndipo yazizira, iphimbeni ndi citenge coyera. Poipukuta, sewenzetsani kansalu kofewa kouma. Tiyi, madzi ndi phala la mwana zikhale patali.

2. Malaiti

Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, tinaona malaiti akupita maola ambiri patsiku. Coopsa ceniceni ndi nthawi imene abwerera, pakuti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira n'kuocha zam'kati. Malaiti akapita, zulani pulagi kukhoma. Citani cimodzimodzi kukakhala mvula ya mphezi. Ngati thumba lilola, gulani UPS, kabokosi ka batire kamene kamakupatsani mphindi zingapo zosungira nchito ndi kuzima bwino.

3. Kusunga ndi kuzima

Zimene mulemba sizinasungike kufikira mutazisunga. Mu Word kapena Excel, gwirani batani la Ctrl ndi kudinda S, ndipo muzicita zimenezi pafupipafupi. Fayilo iliyonse ipatseni dzina lomveka, monga "Zopereka March 2025", kuti wobwera pambuyo panu asavutike kuipeza. Mukatsiriza, musazime kukhoma. Pitani pa Start, sankhani Shut down, ndipo dikirani kufikira itazima yokha.

4. Mavairasi ndi akuba

Vairasi ndi kapulogramu koipa kamene kamaononga kapena kubisa mafayilo. Kawirikawiri kamabwera ndi fulashi imene yayenda m'makompyuta ambiri, monga kumalo opulintira. Windows ili ndi mlonda wake wochedwa Microsoft Defender. Musiyeni woyaka, ndipo muzilumikiza kompyuta ku intaneti nthawi ndi nthawi kuti alandire zatsopano. Ngati yanu ili ndi Windows 10, dziwani kuti Microsoft inaleka kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Funsani wodziwa ngati ingalandire Windows 11. Ikani pasiwedi, ndipo musaiuze munthu wokutumirani foni kapena uthenga, ngakhale akambe mokoma cotani.

5. Kope laciwiri

Iyi ndiyo mfundo yaikulu koposa. Kompyuta ingasamalidwe bwino, komabe ingabedwe kapena kufa ndi ukalamba. Kumapeto kwa mwezi uliwonse, koperani mafayilo a Cigwirizano pafulashi yosungira zimenezi zokha. Fulashiyo isagone m'cikwama cimodzi ndi kompyuta. Aisunge amai wapampando kunyumba kwao. Lipoti la ndalama lipulintidwenso papepala, lisainidwe, ndi kuikidwa m'fayilo.

Amai, musaope kuigwira. Kudinda batani lolakwika sikuphwanya kompyuta, ndipo Ctrl ndi Z zimabweza zimene mwafufuta mwangozi polemba. Manja amene anaphunzira makina osokera angaphunzirenso izi.

Zokambirana

a) Kodi zolemba za Cigwirizano cathu zili m'malo angati lero?
b) Mlembi atadwala kapena kusamuka, ndani wina angatsegule mafayilo athu?
c) Ndani pakati pathu angaphunzitse anzake awiri mwezi uno?