Mgaiwa, nyemba ndi masamba: chitetezo ku khansa ya m'matumbo

Kadyedwe ka anthu a ku Euthini ndi madera ena a m'boma la Mzimba kakusintha. Ndalama za fodya kapena zochokera kwa abale a ku Joni zikafika pakhomo, mabanja ambiri amasiya mgaiwa n'kuyamba ufa woyera. Nyemba ndi bonongwe zimaoneka ngati ndiwo za amphawi, ndipo kanyenya, soseji, tchipisi ndi zakumwa za shuga zimatengedwa ngati chizindikiro cha kupeza bwino. Koma akatswiri a zaumoyo akuchenjeza kuti kadyedwe kotere kamatsegula khomo la khansa ya m'matumbo.

Kodi nthendayi ndi yotani?

Khansa imeneyi imagwira thumbo lalikulu, lomwe ndi gawo lomaliza la njira ya chakudya m'thupi. Kawirikawiri imayamba ngati kachotupa kakang'ono kosapweteka, kamene kamatha zaka zambiri kasanasanduke khansa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati khansayi ndi yachitatu pa khansa zofala kwambiri. M'chaka cha 2020 inapezeka mwa anthu oposa 1.9 miliyoni, ndipo inapha anthu oposa 930,000. M'Malawi muno khansa zofala kwambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya pakhungu yotchedwa Kaposi, koma kusintha kwa kadyedwe kukuchititsa kuti ya m'matumbo isanyozeredwenso.

Phunziro lochokera ku chakudya cha makolo

M'chaka cha 1971, dokotala wina wa maopaleshoni, Denis Burkitt, yemwe anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, analemba kuti khansayi inali yosowa m'midzi ya mu Africa koma yofala ku Ulaya ndi ku America. Iye anati chinsinsi chagona pa faiba, yomwe ndi mbali ya chakudya chochokera ku zomera imene thupi siligaya, monga gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi mitsempha ya masamba.

Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2015, ofufuza motsogozedwa ndi Stephen O'Keefe anasinthanitsa chakudya cha anthu 20 akuda a ku Pittsburgh, m'dziko la America, ndi cha anthu 20 a kumudzi ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa. Patangotha masabata awiri, m'matumbo mwa anthu a ku America omwe ankadya chimanga, nyemba ndi masamba munachepa zizindikiro za chiopsezo cha khansa, pamene mwa anzawo omwe ankadya nyama ndi zamafuta zambiri zizindikirozo zinachuluka.

Faiba imagwira ntchito ziwiri. Imathandiza kuti chimbudzi chizituluka msanga, motero zinthu zoipa sizikhalitsa m'thumbo. Imadyetsanso tizilombo tabwino ta m'matumbo, timene timapanga michere yolimbitsa khungu la m'kati mwa thumbolo. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa ndi kugayidwa kukhala ufa woyera, faiba yambiri imapita ndi gaga amene amathera kukhola la nkhumba ndi nkhuku.

Nanga nyama?

Mzimba ndi boma la ng'ombe, ndipo nyama ili ndi malo ake pa chikhalidwe cha Angoni. Palibe amene akuletsa kuidya, chifukwa imapatsa thupi zomanga minofu ndi zowonjezera magazi. Nkhani yagona pa muyeso. Mu Okutobala 2015, nthambi ya WHO yofufuza za khansa ya IARC inalengeza kuti nyama yokonzedwa m'mafakitale, monga soseji ndi polony, imayambitsa khansa ya m'matumbo. Kudya magalamu 50 a nyama yotere tsiku lililonse kumakweza chiopsezo ndi pafupifupi 18 peresenti. Nthambiyi inatinso nyama ya ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba ikuoneka kuti nayonso ikhoza kuyambitsa khansa. Bungwe la World Cancer Research Fund limalangiza kuti munthu asapyole magalamu 500 a nyama yophikaphika ya mtunduwu pa sabata. Nyama yopserera pamakala ndi yoyeneranso kuichepetsa.

Zoyenera kuchita pakhomo

Boma la Malawi limalimbikitsa kudya kuchokera ku magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo zambiri mwa izo zimalimidwa ku Euthini komweko. Banja likhoza kuchita izi:

1. Kugayitsa mgaiwa, ndi kusinthasintha nsima ndi mbatata, maungu, mapira kapena mawere.
2. Kudya nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya kapena mtedza kangapo pa sabata.
3. Kusasowetsa masamba m'mbale, monga nkhwani, khwanya, chisoso ndi mpiru, komanso kufutsa ena podikira chilimwe. WHO imalangiza magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku.
4. Kupatsa ana mango, magwafa, mapapaya, nthochi ndi masuku m'malo mwa zotsekemera za m'sitolo.
5. Kusinthanitsa nyama ya ng'ombe ndi usipa, nkhuku kapena mazira.
6. Kuchepetsa mowa, kusiya kusuta fodya, ndi kulimbitsa thupi poyenda kapena kugwira ntchito, pakuti kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo.

Zizindikiro zosayenera kubisa

Kudya bwino kumachepetsa chiopsezo, koma sikuchiza khansa imene yayamba kale. Munthu athamangire kuchipatala akaona magazi m'chimbudzi, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kwa masabata angapo, m'mimba mopweteka mosalekeza, kuwonda popanda chifukwa kapena kuchepa kwa magazi. Zina mwa izi zimabweranso ndi kamwazi kapena likodzo, ndipo ndi achipatala okha amene angasiyanitse. Amene apitirira zaka 50, ndi amene kubanja kwawo kunapezekapo khansayi, ayenera kukhala tcheru kwambiri.

Anthu ambiri amachita manyazi kufotokoza za kuchimbudzi, ena amayamba ataya nthawi ndi mankhwala azitsamba. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Khansa ya m'matumbo ikapezeka msanga imachizika, nthawi zambiri ndi opaleshoni. Wodwala ayambire pa chipatala cha Euthini kapena china chapafupi, kumene angatumizidwe ku chipatala cha boma cha Mzimba kapena chachikulu cha Mzuzu ngati pakufunika kuyeza kozama.

Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi a m'dera la khonsolo ya M'mbelwa akupemphedwa kufalitsa uthengawu pamisonkhano yawo, ndi kulimbikitsa banja lililonse kukhala ndi dimba la masamba ndi mitengo ya zipatso pakhomo.