Phunziro: N'chiyani chimasunga kutentha?

Omvera athu a ku Angónia ndi Tsangano, chisanu cha Juni ndi Julayi chingathe kupha khanda.

Yesani izi: thirani madzi ofunda m'mabotolo atatu ofanana. Loyamba likulungeni m'bulangeti louma, lachiwiri m'chitenje chonyowa, lachitatu ligonekeni pasimenti. Pakatha ola limodzi, agwireni. La m'bulangeti lokha ndilo likhalabe lofunda, chifukwa ubweya wake umasunga mpweya, ndipo mpweyawo sulola kutentha kutuluka msanga. Chinyezi ndi simenti zimaba kutentha.

Khanda n'chimodzimodzi. Likangobadwa lipukuteni, chotsani nsalu yonyowayo, ligonekeni pachifuwa cha mayi popanda chovala pakati, livekeni chipewa, afunditseni onse awiri. Musalisambitse mpaka patadutsa maola 24. Likazizira thupi n'kumakana kuyamwa, thamangirani nalo kuchipatala.