Anatera ndi ndege pakati pa Moscow ali ndi zaka 18: kulimba mtima kapena chibwana?

Madzulo a pa 28 Meyi 1987, anthu amene ankawongola miyendo pa Red Square mumzinda wa Moscow anangoona kandege kakang'ono kakuzungulira pamwamba pa mitu yawo. Katazungulira kangapo kanakatera pamlatho wapafupi, n'kubwera ndi mateyala mpaka cha kutchalitchi cha St Basil. Amene anatsikamo anali mnyamata wa ku West Germany wa zaka 18, Mathias Rust. Anthu anamuunjirira, ena mpaka kumupempha kuti awasainire pamapepala. Nkhaniyi anthu amaikamba akuseka mpaka lero, koma ogwira ntchito za ndege saseka nawo.

Kodi ndegeyo anachita kuba?

Ayi. Anabwereka kukalabu ya oyendetsa ndege, ndipo laisensi anali nayo. Inali Cessna 172, ya injini imodzi ndi mipando 4. Anachotsamo mipando ina n'kuikamo matanki owonjezera a mafuta. Nthawi yonse imene anali ataulutsapo ndege, kuiphatikiza, inali ngati maola 50 okha. Ananyamuka pa 13 Meyi ku Uetersen kufupi ndi Hamburg, n'kudzera kuzilumba za Faroe, ku Iceland ndi ku Bergen m'dziko la Norway, mpaka kukafika ku Helsinki. Kufika apa panalibe womukayikira.

Nanga analakwira pati?

Pabwalo la ndege la Malmi ku Helsinki. Woyendetsa ndege asanaoloke malire a dziko amapereka dongosolo la ulendo wake kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege: akupita kuti, adzera njira iti, afika nthawi yanji. Rust anawauza kuti akupita ku Stockholm, kumadzulo. Atangonyamuka anakhotera kum'mawa n'kuthimitsa wailesi. Oyang'anira kumuitana, iye zii. Atasowa pa rada, a ku Finland anaganiza kuti wagwera m'nyanja ndipo anatumiza opulumutsa. Anthu anavutika pamadzi kusaka munthu amene panthawiyo ankauluka bwinobwino kulowera ku Estonia, imene inali mbali ya Soviet Union.

Dongosolo la ulendo si mwambo chabe. Ndi limene limathandiza oyang'anira kutalikitsa ndege kuti zisawombane, komanso limawauza poyambira kufufuza ndege ikapanda kufika.

Asilikali a Soviet Union sanamuone?

Anamuona. Rada zawo zinamupeza atangolowa m'dzikomo, ndipo woyendetsa ndege yankhondo ya MiG-23 anamuyandikira n'kumuona ndi maso. Chilolezo chowombera ndiye sichinaperekedwe. Kenaka zinthu zinangomuyendera. Kandegeko kankauluka motsika ndiponso mosathamanga, moti kankasowa pa rada n'kuonekeranso. Cha ku Pskov kunali asilikali ophunzira kuulutsa ndege, ndipo oyang'anira anangolemba ndege zonse za m'deralo kuti n'zawo, ya Rust yomwe. Cha ku Torzhok anaisokoneza ndi mahelikopita amene ankathandiza pa ngozi ya ndege ya dzulo lake. Mnyamatayo anamaliza makilomita pafupifupi 900 kuchokera ku Helsinki popanda womuimitsa. Manyazi ake anakula chifukwa tsikulo linali lolemekeza asilikali olondera malire a dzikolo.

Bwanji sanangomuwombera?

Anali atapsa kale. Pa 1 Sepitembala 1983 Soviet Union inawombera ndege ya Korean Air Lines imene inasochera n'kulowa mumlengalenga mwawo cha ku Sakhalin. Anthu onse 269 anafa, ndipo mayiko anadzudzula koopsa. Mu 1984 mayiko a m'bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, anawonjezera ndime m'pangano la Chicago la 1944 yoletsa kugwiritsa ntchito zida pa ndege za anthu wamba. Mu 1987 panalibe mkulu wa asilikali amene ankafuna kuti dzina lake likhale pa lamulo logwetsa ndege yosadziwika. Tikanena mosapsatira, Rust anapulumuka chifukwa cha imfa za anthu 269 aja, osati chifukwa cha luso lake.

Kwenikweni ankafuna chiyani?

Mwini wake ankati ndi nkhani ya mtendere. Mu Okutobala 1986 atsogoleri a America ndi Soviet Union, Ronald Reagan ndi Mikhail Gorbachev, anakumana ku Reykjavik kukambirana zochepetsa zida za nyukiliya, koma anabalalika osagwirizana kanthu. Rust anakhumudwa n'kuganiza kuti iye payekha angathe kuyanjanitsa mbali ziwirizo. N'kutheka kuti ankakhulupiriradi zimenezo, pakuti munthu wa zaka 18 amatha kutero ndi mtima wonse. Khoti la ku Moscow silinazimvere.

Analangidwa bwanji?

Mlandu unayamba pa 2 Sepitembala 1987. Anapezeka wolakwa pa kulowa m'dziko popanda chilolezo, kuphwanya malamulo a kayendedwe ka ndege ndi kusokoneza bata mwadala. Anagamulidwa zaka 4, koma anakhala miyezi 14 yokha kundende ya Lefortovo n'kumasulidwa mu Ogasiti 1988. Amene anagwa nayo kwambiri ndi akuluakulu. Patangopita masiku awiri chiterereni ndegeyo, nduna ya zachitetezo Sergei Sokolov ndi mkulu wa chitetezo cha mumlengalenga Alexander Koldunov anachotsedwa ntchito, ndipo asilikali ena ambiri audindo anawatsatira. Gorbachev anapezerapo danga lochotsa amene ankalimbana ndi kusintha kumene iye ankabweretsa m'dzikomo. Ndegeyo lero ili kunyumba yosungira zakale ya Deutsches Technikmuseum ku Berlin.

Poti sanavulaze munthu, vuto lili pati?

Nkhani yagona pamenepa. Pa Red Square madzulo amenewo panali khamu, n'chifukwa chake sanaterepo. Mwa anthu amene anawazungulira pamwamba, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsidwa ngati akulola kuti mnyamata wa maola 50, wotopa ndi ulendo wa masana onse, ayesere mwayi wake pamutu pake. Injini inali imodzi yokha. Ikanangotsokomola, Rust analibe kothawira koposa pakati pa anthu omwewo.

Malamulo a ICAO, amene mayiko ambiri amatsatira kuphatikizapo athu kuno, amanena kuti ndege youluka modalira maso a woyendetsa ikhale mamita osachepera 300 pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri ikamadutsa pa mzinda, pamalo okhala anthu ambiri kapena pa khamu. Kwina konse isatsike kufika pansi pa mamita 150, kupatula ponyamuka ndi potera. Manambalawa ali ndi chifukwa chake. Injini ikazima ndege yaing'ono siigwa pompo, imatsetsereka. Cessna 172 imene ili pa mamita 300 ingathe kuyendabe makilomita oposa 2, ndipo woyendetsa amakhala ndi mpata wosankha dambo kapena munda. Ikakhala pa mamita 30, imatera pa chimene chili kutsogolo kwake, kaya ndi msika kaya ndi sukulu.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Pa nkhani ya ndege mwambiwu sugwira ntchito, chifukwa nyangayo imafotera anthu ena.

Kandege kochepa choncho n'koopsa motani?

Cessna 172 yodzaza imaposa tani imodzi kulemera, ndipo imayenda makilomita 200 pa ola kapena kupitirira. Ndiye kuti sekondi iliyonse yadutsa mamita 55. Waya wa magetsi suoneka patali, ndipo pa liwiro limeneli woyendetsa akamauona amakhala atafika kale.

Koma chibwana chimene chatha oyendetsa ndege ambiri, ana ndi akulu omwe, n'chokatsika pamwamba pa nyumba ya makolo, ya chibwenzi kapena pamene anzawo asonkhana. Chimayenda chonchi. Maso a woyendetsa amachoka pa mageji n'kupita pansi, kwa amene akumubayibitsa. Amachepetsa liwiro kuti amuone bwino. Amapendeketsa ndege kuti azungulire nyumbayo, kenaka amakoka chiwongolero kuti akwere mwamatama. Mapiko amanyamula ndege pokhapokha mpweya ukamawadutsa mosalala. Akadzuka mopitirira, mpweya umasokonekera ndipo mphamvu yonyamula ija imatha. Oyendetsa ndege amati stall. Cessna 172 youluka mowongoka imafika pamenepa liwiro likatsika kufika cha pa makilomita 90 pa ola, koma ikapendekeka madigiri 60 imafikapo ikuyendabe makilomita oposa 125 pa ola. Wophunzira aliyense amaphunzitsidwa kukonza vutoli: kuweramitsa mphuno ya ndege n'kuwonjezera mphamvu ya injini. Kungoti kukonzako kumadya mamita ambiri ndithu, ndipo munthu amene ali pamwamba pa denga la kwawo mamitawo alibe. Mboni za ngozi zotere nthawi zambiri zimakhala anthu omwewo amene ankafuna kuwasangalatsa.

Ndiye bwanji osangoletsa achinyamata kuulutsa ndege?

Chifukwa vuto si zaka. Ku America wophunzira amaloledwa kuuluka yekha ali ndi zaka 16, mlangizi wake atasaina kuti wakhwima, ndipo laisensi amaitenga ali ndi zaka 17. ICAO nayo imati zaka 17 ndi maola osachepera 40 ophunzira. Achinyamata ambiri amadutsa njira imeneyi popanda kutchuka, poti sanagwetse kanthu.

Amene amatchuka ndi monga Colton Harris-Moore wa ku Washington State, amene sanalowepo m'kalasi ya zoulutsa ndege koma ankawerenga mabuku ake n'kumaba ndege. Zingapo anaziphwanya potera. Mu Julayi 2010, ali ndi zaka 19, anaba Cessna ku Bloomington m'chigawo cha Indiana n'kukaigwetsera m'madzi osaya pachilumba cha Great Abaco ku Bahamas. Anagwidwa pa 11 Julayi, ndipo mu Disembala 2011 anagamulidwa zaka zoposa 7. Pa Facebook anali ndi omutamanda miyandamiyanda, amene ndege zawo sizinabedwe.

Akulu nawonso asadzichotsemo. Trevor Jacob anali ndi zaka 28 mu Novembala 2021 pamene analumpha ndi parachuti n'kusiya ndege yake ikagwe yokha m'mapiri a ku California, kuti apeze kanema wa pa YouTube. Analandidwa laisensi mu Epulo 2022, ndipo mu Disembala 2023 anagamulidwa miyezi 6 chifukwa chowononga zotsalira za ndegeyo pofuna kusokoneza ofufuza. Yomvetsa chisoni kwambiri ndi ya pa 23 Marichi 1994. Mmodzi mwa oyendetsa ndege ya Aeroflot, Airbus A310 yochoka ku Moscow kupita ku Hong Kong, anakhazika mwana wake wamwamuna pampando woyendetsera. Mnyamatayo anakankha chiwongolero kwa kanthawi, mbali ina ya makina oyendetsa okha inazima popanda kulira belu, ndipo akuluakuluwo anachedwa kuzindikira. Ndegeyo inagwa ku Siberia, anthu onse 75 n'kufa. Mwanayo sanabe ndege ndipo sananamize munthu. Anachita kuitanidwa ndi bambo ake.

Ife amene sitinagwirepo chiwongolero cha ndege zikutikhudza bwanji?

Masiku ano mwana safunikanso Cessna kuti asokoneze ndege. Katochi ka laser kogula pamsika n'kokwanira. Kuwala kwake kukagunda galasi la kutsogolo usiku kumamwazika m'chipinda chonse cha oyendetsa, ndipo iwo amatha masekondi angapo osaona bwino. Popeza ndege imakhala pafupi ndi pansi ponyamuka ndi potera, laser imawapeza pa nthawi yovutitsitsa. Ku America kuunika ndege ndi laser ndi mlandu wa boma lalikulu kuyambira 2012, ku Britain kuli lamulo la 2018, ndipo konseko munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 5.

China ndi droni. Kuyambira pa 19 mpaka 21 Disembala 2018, bwalo la Gatwick kufupi ndi London linatsekedwa anthu atanena kuti aona madroni pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, okwera pafupifupi 140,000 n'kuvutika, chikhalirecho inali nyengo ya Khirisimasi. Ku Britain, ku America ndi m'mayiko a European Union droni siiloledwa kupitirira mamita 120 kukwera, ndipo pafupi ndi bwalo la ndege siiulutsidwa popanda chilolezo.

Nanga mwana amene amakondadi zouluka atani?

Aphunzire, khomo lilipo. Ku Malawi boma ndi UNICEF anatsegula dera loyesera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Inu makolo amene mwagulira mwana droni, yambani mwafunsa ku ofesi yoona za kayendedwe ka ndege musanamulole kuiulutsa, makamaka ngati mumakhala kufupi ndi Chileka kapena bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Mukamupeza akuunika ndege ndi laser, mulandeni usiku womwewo.