Munali, Mgodi Umene Unatsekedwa Kawiri

Mukamachoka ku Lusaka kulowera ku Livingstone, mukawoloka mtsinje wa Kafue, msewu umakwera mapiri a Munali musanafike ku Mazabuka. M'dera limeneli muli mgodi wa nickel umene mbiri yake iyenera kumvedwa ndi aliyense wokhudzidwa ndi ntchito za migodi.

Kampani ya ku Australia yotchedwa Albidon inamanga mgodiwu nthawi imene nickel anali pa mtengo wosaneneka. Mu May 2007, tani imodzi inkagulidwa madola oposa 50,000 pa msika wa zitsulo wa ku London. Mgodi unayamba kutulutsa mtapo mu 2008, koma chakacho chisanathe mtengo unali utagwa kufika pansi pa madola 10,000. Mu March 2009 ntchito inaima. Kampani ya ku China ya Jinchuan inathirapo ndalama, makina analiranso, koma kumapeto kwa 2011 mgodi unatsekedwanso kachiwiri. Unakhala zii mpaka 2019.

Ambiri akamva zimenezi amaloza chala mtengo, ndipo sakunama. Komabe mtengo wa ku London palibe mwini mgodi amene angaulamulire. Chimene chili m'manja mwake ndi mwala umene akuukweza kuchokera pansi, ndipo apa ndi pamene migodi ya mtapo wosauka imafera.

Mtapo wa ku Munali uli ndi nickel pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 alionse. Ndiye kuti mu tani yathunthu ya mwala muli makilogalamu 10 okha a chitsulo chimene mukufuna, ndipo ngakhale 10 amenewo makina sawatola onse. Tsono taganizani kuti oboola miyala apotoza pang'ono mabowo, kapena oika mabomba achulukitsa, khoma la m'mbali n'kugumukira mu mtapo. Pa matani 100 a mtapo pagwere matani 25 a mwala wachabechabe. Mwala umenewo mudzaunyamula ndi dizilo, mudzauphwanya, mudzaugaya ndi magetsi, mudzauthira mankhwala, zonsezo pa mtengo wofanana ndi wa mtapo weniweni. Pamapeto pake tani iliyonse yolowa m'makina ili ndi makilogalamu 8 m'malo mwa 10. Mgodi wa mtapo wolemera ungapirire zotere. Wa mtapo wosauka phindu lake lonse limathera pomwepo, koma m'mabuku matani akuoneka ochuluka, mabwana n'kumayamikirana kuti ntchito ikuyenda.

Ine ndimaona kuti bwana amene amapereka bonasi powerenga matani okha, osayang'ana kuti m'mataniwo muli chiyani, akuphunzitsa anthu ake kupha mgodi.

Vuto lachiwiri limabwera ndalama zikayamba kuchepa. Mapampu otulutsa madzi sangazimitsidwe. Makina olowetsa mpweya sangazimitsidwenso, chifukwa pansi pali anthu. Choncho maso amagwera pa ntchito imene sibweretsa ndalama lero: kuboola njira zatsopano zopita ku mtapo wa chaka chamawa, kuboola kofufuza kuti mtapo wagona bwanji, kukonza makina asanawonongeke. Ntchito zimenezi zikaimitsidwa, mabwana amathamangira kukumba malo onona okhaokha kuti mwezi uthe bwino. Kumeneko n'kudya mbewu yosungira dzinja. Miyezi ingapo mabuku amakoma, kenako malo okumba amatha, ndipo mtapo wotsalawo sungathenso kudzilipirira wokha popeza wonona umene mukanausakaniza nawo unapita kale. Choopsa koposa n'chakuti kumana ndalama kumeneku kumafika pa zitsulo zogwira denga ndi pa zingwe zotsitsira anthu. Pamenepo chotayika si ndalama ayi, ndi moyo wa bambo wa ana.

Mgodi ukagwa sugwa wokha. Ku Botswana, tauni ya Selebi-Phikwe inamera chifukwa cha mgodi wa nickel ndi kopa wa BCL, umene mtapo wake unalinso wosauka. Boma litautseka mu October 2016, anthu oposa 4,000 anachotsedwa ntchito nthawi imodzi. Pambuyo pawo panali ogulitsa pamsika, eni nyumba za lendi, oyendetsa matakisi ndi ana asukulu.

Masiku ano zinthu zafika povuta kwambiri chifukwa dziko la Indonesia likutulutsa nickel woposa theka la yense wa padziko lapansi, ndipo wambiri amakumbidwa pamtunda, osalowa pansi. Mu 2024 kampani yaikulu ya BHP inaimitsa migodi yake ya nickel ku Western Australia. Ngati chimphona choterocho chinagwada, mgodi waung'ono umene ukukweza mwala wachabe limodzi ndi mtapo sungayembekezere chifundo.

Inu amene mukugwira ntchito mu mgodi wotere, kapena amene mwauzidwa kuti wina ukubwera kwanu, funsani mafunso awiri musanakondwere. Funsani kuti mu tani imodzi muli makilogalamu angati a chitsulocho, ndipo funsani kuti mgodiwo ungapirire mtengo wotsika kufika pati. Akakuyankhani ndi mtengo wa chaka chabwino chokha, musagulitse munda wanu.