Sukulu Yaulere ndi Ndalama Zimene Makolo Amafunsidwa: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talembera inu makolo, mafumu, ndi onse amene mukulera ana a m'sukulu za pulayimale za boma m'Malawi muno, pakuti mwa madandaulo onse amene amafika kumaofesi a maphunziro, kaya pakamwa kaya pakalata, palibe lina lobwerezedwa kawirikawiri monga lakuti ngati sukulu ili yaulere, nanga ndalama zimene ana amatumidwa kukatenga kunyumba n'zachiyani. Za malamulo tayankha mwachidule, koma pa za ndalama tachedwapo dala, chifukwa ndi pamene mitima ya anthu ikuwawa.

Kodi malamulo a sukulu amawapanga ndani?

Gwero lake ndi Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994, amene pa gawo 25 amapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro. Pansi pake pali Lamulo la Maphunziro la 2013, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'malo mwa lija la 1962, ndipo ndi limene linalamula kuti mwana aliyense aphunzire pulayimale mokakamizidwa. Unduna wa Zamaphunziro ku Capital Hill umalemba ndondomeko ndi zikalata zotsata lamuloli, ndipo zikalatazo zimatsika kudzera ku ofesi ya maphunziro ya paboma, kenaka kwa mlangizi wa zoni amene timamutcha PEA, kufikira m'manja mwa mphunzitsi wamkulu. Timalamulo ta pasukulu, monga nthawi yofikira ndi kasesedwe ka pabwalo, amapangana ndi aphunzitsi pamodzi ndi komiti ya sukulu, koma sitingatsutsane ndi lamulo lochokera pamwamba.

Nanga zimene ana amaphunzira ndi mayeso?

Silabasi ndi mabuku amakonza ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a boma, kuyambira a Sitandade 8, amayendetsa ndi a MANEB ku Zomba.

Kodi lamulo la sukulu likakhazikitsidwa lingasinthike?

Inde. Kale mtsikana akatenga pathupi sukulu yake inkathera pomwepo, koma kuyambira 1993 pali ndondomeko yomulola kubwerera akabereka, ndipo inakonzedwanso mu 2018. Nthawi zina osintha ndi khothi, monga mu 2023 pamene Bwalo Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana achi Rasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo.

Kodi ndalama zoyendetsera sukulu za boma zimachokera kuti?

Zambiri zimachokera m'misonkho imene a MRA amatolera, ndipo ngakhale mlimi amene salandira malipiro a pamwezi amaponyako lake khobidi pamene agula katundu m'sitolo. Chaka ndi chaka Nduna ya Zachuma imapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, aphungu nakambirana, ndipo akaivomereza, gawo la maphunziro limagawidwa pakati pa likulu la unduna ndi makhonsolo, amene anapatsidwa udindo wa sukulu za pulayimale potsata Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, osati tsiku lotsegulira sukulu. Pamwamba pa izi pali thandizo la abwenzi akunja, monga World Bank ndi UNICEF, limene kawirikawiri limadza ndi ntchito yake yoikika, ndipo silingapatutsidwire ku ntchito ina. Tinene poyera pano, chifukwa mayankho ambiri a m'munsimu atsamira pa mfundo iyi: gawo lalikulu kwambiri la ndalama za pulayimale limathera pa malipiro a aphunzitsi, ndipo chotsalira choko, mabuku, madesiki ndi zomangamanga n'chochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa ana.

Kodi mawu akuti sukulu yaulere amatanthauza chiyani kwenikweni?

Pamene boma la Pulezidenti Bakili Muluzi linachotsa fizi ya pulayimale mu 1994, ana amene analembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo ambiri a inu amene mukuwerenga kabuku aka, mukadakhala kuti munatsalira kubusa kapena kudimba, munalowa m'kalasi pa khomo limenelo. Koma monga akulu ananena, walira mvula walira matope: anawo anafika zipinda zisanamangidwe, mabuku asanasindikizidwe, aphunzitsi asanaphunzitsidwe, kotero kuti boma linalemba ntchito anthu masauzande ambiri amene anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi, ndipo makalasi ena anakhazikika pansi pa mitengo, kumene ena adakalipo kufikira lero. Tsono ulere umatanthauza kuti palibe mtengo umene mwana ayenera kulipira kuti alembedwe m'kaundula, akhale m'kalasi ndi kuphunzitsidwa, pakuti mphunzitsi wake amalipidwa ndi boma. Sunatanthauze, ndipo sitingakunamizeni kuti unatanthauza, kuti kholo silidzatulutsanso kanthu kalikonse, chifukwa kope, cholembera ndi chovala cha mwana zimakhalabe nthawi zambiri pa mapewa a kholo.

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani sukulu zimapempha ndalama ya chitukuko?

Chifukwa pali zosowa zina zimene thandizo la boma silifikapo, kapena limafikapo mochedwa: mlonda wolondera usiku kuti mabuku ndi ufa wa phala zisabedwe, chimbudzi chimene chagwa ndi mvula, denga limene lasasuka ndi mphepo, bilu ya madzi m'sukulu za m'tauni, ndiponso malo ena kuthokoza aphunzitsi odzipereka amene sali pa malipiro a boma. Makomiti ambiri, poona kuti kudikira kungachititse kuti ana akhale teremu yathunthu opanda chimbudzi, akhala akupempha makolo kuti asonkhe, pokumbukira kuti mutu umodzi susenza denga. Mtima umenewo sitiunyoza, pakuti sukulu zambiri za dziko lino zinaimirira ndi njerwa zoumbidwa ndi anthu a m'mudzi. Koma chopereka chotere si fizi, ndipo sichiyenera kusanduka fizi yovala dzina lina. Kuti chikhale choyenera, chiyenera kukambidwa pa msonkhano wa makolo woitanidwa poyera, ntchito yake itchulidwe, aliyense wopereka alandire lisiti, ndipo pambuyo pake komiti ifotokoze mmene ndalamazo zayendera. Komanso malangizo a unduna pa zopereka zimenezi amatha kusintha, ndipo kumene chikalata cha unduna chaletsa kusonkhetsa, palibe komiti kapena mphunzitsi wamkulu amene ali ndi mphamvu yopitiriza. Muli ndi ufulu wopempha kuti chikalata chatsopano chiwerengedwe pa msonkhano.

Timamva kuti boma limatumiza ndalama ku sukulu iliyonse. Kodi zimapita kuti?

Zoonadi, kuyambira cha m'ma 2010 pali thumba lotchedwa School Improvement Grant, limene ambiri amangoti SIG, ndipo ndalama zake zimalowa mu akaunti ya kubanki ya sukuluyo. Sukulu imayamba yalemba pulani ya chitukuko chake mogwirizana ndi komiti, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, amayi a Mother Group ndi mafumu, ndipo ndalamazo zimayenera kutsata pulaniyo m'mbali zitatu: kukweza kaphunzitsidwe, monga kugula choko ndi zipangizo, kuthandiza kuti ana onse afike ndi kukhalabe pasukulu, makamaka amasiye, olumala ndi atsikana, ndiponso kayendetsedwe ka sukulu. Mphunzitsi wamkulu sayenera kutapa ndalamazi yekha popanda osayinira a komiti. Kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi sukulu ndi bajeti ya chaka chimenecho, ndipo sitingalonjeze kuti zidzafika tsiku lakutilakuti, pakuti zaka zina zachedwa ndithu. Ngakhale zitafika pa nthawi yake, kawirikawiri sizingamange chipinda chophunziriramo. Zomanga zazikulu zimadalira khonsolo, thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, kapena abwenzi akunja. Chimene tingapemphe n'chakuti chiwerengero cha zimene zalandiridwa ndi zimene zagulidwa chizimatidwa pakhoma pamene aliyense angawerenge, chifukwa ndalama yosungidwa mumdima imabala mphekesera ngakhale pamene palibe waba.

Kodi mwana angabwezedwe kunyumba chifukwa sanapereke ndalama ya chitukuko?

Iyayi. Funso ili limatifika kawirikawiri, ndipo yankho lake silisintha. Pangano la chopereka, ngati lilipo, lili pakati pa komiti ndi makolo, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene sanakhale nawo pa msonkhano, amene alibe munda kapena geni, amene wadzuka m'mamawa nayenda mtunda wautali mwina osadya kanthu, sangasenzetsedwe ngongole ya akulu pomuimika pamzere pamaso pa anzake ndi kumuloza njira ya kwawo. Zimatimvetsa chisoni kuti izi zikuchitikabe m'malo ena, pakuti mwana wobwezedwa kawiri kapena katatu amachita manyazi, ndipo ambiri otere sabwereranso. Mtsikana amakathera ku ukwati, mnyamata ku ganyu. Lamulo limene limakakamiza kholo kutumiza mwana kusukulu silingalole kuti sukulu yomweyo imutsekere chitseko.

Sanamubweze, koma amukaniza lipoti la mayeso. Kodi zimenezi n'zololedwa?

Ili ndi funso lomwe lija litavala malaya ena. Kukaniza mwana kulemba mayeso a teremu, kumubisira lipoti, kumumana phala, kapena kukana kumulembera kalata yosamukira ku sukulu ina chifukwa cha chopereka, zonsezi ndi njira zolangira mwana pa mlandu umene si wake. Tikudziwa kuti mapepala ndi inki yosindikizira mayeso zili ndi mtengo, ndipo sukulu zina zakhala zikupempha kangachepe pa chifukwa chimenechi, koma ngati ndalama zaperewera, mayeso angathe kulembedwa pa bolodi monga zinkachitikira kale. Za ndalama ya mayeso a boma a Sitandade 8, tsatirani chilengezo cha unduna ndi MANEB cha chaka chimenecho, osati mawu a pamsewu.

Nanga yunifolomu?

Pamene fizi inachotsedwa mu 1994, kukakamiza yunifolomu ku pulayimale kunachotsedwanso. Yunifolomu ndi yabwino, ndipo amene angathe agule, koma kusowa kwake si chifukwa chobwezera mwana.

Ife tinaumba njerwa ndi kututa mchenga. Kodi tiperekenso ndalama?

Dandaulo ili limachokera kawirikawiri kumidzi, ndipo lili ndi nzeru. Thukuta ndi chopereka ndithu, ndipo komiti yanzeru imawerengera ntchito ya manja monga imawerengera ndalama, makamaka kwa agogo olera adzukulu ndi mabanja amene chaka chimenecho sanakolole. Sitinganene kuti wogwira ntchito sadzapemphedwanso kanthu, pakuti simenti ndi malata sizigulidwa ndi njerwa, koma zimenezi zikambidwe pamaso pa amfumu ntchito isanayambe, kuti pasakhale wodabwa pambuyo pake. Kumene njerwa zinaumbidwa n'kungosungunuka ndi mvula chifukwa malata olonjezedwa sanafike, anthu ali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo nkhaniyo ipite ku komiti ya chitukuko ya m'dera ndi kwa khansala.

Sukulu yathu ndi ya mishoni. Kodi zimenezi zikutikhudza?

Sukulu m'dziko muno zinayamba ndi mipingo, a Livingstonia atafika mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876, ndipo boma la atsamunda linadzakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926. Chifukwa chake sukulu zambiri za pulayimale eni ake ndi mipingo kufikira lero, ngakhale aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma. Sukulu yotere, ngati ili m'gulu la sukulu zothandizidwa ndi boma, imatsata lamulo lomweli la ulere. Sukulu za pulaiveti n'zosiyana, pakuti kumeneko fizi ndi pangano la mwini sukulu ndi kholo.

Ndikadandaula, kodi mwana wanga sadzavutitsidwa?

Mantha amenewa tikuwamva, ndipo sitinganene kuti alibe maziko paliponse. Komabe aphunzitsi aakulu ambiri ndi anthu amene akulimbana ndi zosowa zenizeni, ndipo nkhani zambiri zimatha mwa kungokhala pansi. Yambani mwaulemu ndi mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa komiti, ndipo ngati mukuopa kupita nokha, tengani mayi wa Mother Group kapena nthumwi ya amfumu ikhale mboni. Zikakanika pamenepo, pitani kwa PEA wa zoni yanu, ndipo zikakanikanso, ku ofesi ya maphunziro ya paboma. Sungani malisiti, ndipo kumbukirani tsiku limene mwana anabwezedwa. Kulanga mwana chifukwa kholo lake lafunsa ndi mlandu wina pawokha, umene uyenera kunenedwa msanga.

Ndilibe ndalama imene apempha teremu ino. Kodi mawa mwanayu ndimutumize kapena adikire?

Mtumizeni, ndipo ngati mungathe mumperekeze nokha, mukafotokoze kwa mphunzitsi wamkulu mmene zinthu zilili kwanu. Za chopereka mudzakambirana ndi komiti pa nthawi yake, koma mwana akhale m'kalasi mawa m'mawa.