UMBONI WA NYENGO NDI MIYEZI

Munthu akatsegula kalendala pa ciyambi ca caka, apeza kuti masiku okhala mwezi ndi masiku a mwezi wathunthu alembedwa kale kufikira Disembala. Osindikiza sali aneneri ai. Atha kulemberatu zimenezi cifukwa dzuwa ndi mwezi zisunga nthawi yao kosaphonya, monga anchito omvera mbuye wao. Nanga Mbuyeyo ndani, ndipo nyengo za caka zinenanji za Iye?

1. Umboni wa kumwamba

Dziko lapansi lizungulira dzuwa masiku 365 ndi maora ngati 6. Maora otsalawo aunjikana, ndipo ndico cifukwa cace Febuluwale akhala ndi masiku 29 kamodzi pa zaka zinai. Mwezi ukakhala, papita masiku 29 ndi theka kuti ukhalenso. Dziko lomwe liyenda copendekeka madigiri 23 ndi theka, ndipo kupendekekako ndiko kubala cisanu ca Juni, kutentha kwa Okutobala, ndi dzinja lodzalira mbeu.

Pa 21 Juni 2001 kadamsana anagwetsa mdima pa Lusaka masana, kwa mphindi zoposa 3. Akatswiri a nyenyezi anadziwiratu tsikulo ndi ora lace zaka zambiri lisanafike. Dzuwa liposa mwezi kutambalala kwace ka 400, koma liri kutali ka 400 kuposa mwezi. Potero ziwirizo zioneka zolingana, ndipo cacing'ono ciphimba cacikuru.

Mlenje akapeza mizere yoongoka pakati pa thengo, sanena kuti mphepo inaiunda. Adziwa kuti khasu linapita pamenepo, ndi kuti khasulo liri ndi mwini. Momwemonso Davide, m'Salmo 19, aphunzitsa kuti thambo ndi mlaliki wopanda liu, amene ulaliki wace umveka kwa mitundu yonse popanda womasulira.

2. Umboni wa thengo ndi munda

Mu Sepitembala, nthaka iri gwa, mitengo ya mombo iphuka masamba ofiira, ngakhale dontho la mvula lisanagwe. Masuku apsa pa nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Mvula yoyamba ikagwa, inswa zituruka m'culu, nizikhala ndiwo za mudzi wonse. Ku nkhalango ya Kasanka, kuyambira Okutobala kufikira Disembala, kusonkhana mileme mamiliyoni. Idya zipatso za m'thengo, nimwaza njere zace kutali, ndipo motero nkhalango idzalidwa popanda mlimi.

Pamene Paulo analalikira ku Lustra kwa anthu osadziwa Malembo (Macitidwe 14), sanayambe ndi Mose kapena aneneri. Anawaonetsa mvula, zokolola, ndi kukondwa kwa mtima wa munthu wokhuta, nati izi ndizo mboni za Mulungu wamoyo. Makolo a Acewa anamva umboni womwewo. Anamucha Namalenga poona zolengedwa, Mphambe pomva bingu, ndipo uta wa m'mitambo anaucha uta wa Leza. Mvula ikakana, anapita kukapempha ku kacisi wa ku Msinja, kwa Makewana. Anadziwa kuti mvula iri ndi Mwini Uthenga Wabwino usanafike.

3. Pamene umboniwu ulekeza

Komatu cilengedwe sicinena zonse. M'caka ca 1992 cilala cinaumitsa cimanga m'minda ya Zambia. Cinabweranso mu 2024, kotero kuti boma linalengeza tsoka la dziko lonse m'mwezi wa Febuluwale, ndipo madzi a m'Kariba anacepa kufikira magetsi anasowa. Mlimi woimirira m'munda wofota, akayang'ana kumwamba, sapeza yankho la funso lomsautsa: Kodi Mulungu wamkwiyira, kapena amkondabe? Mtambo umene ubweretsa mvula ndiwo ubweretsanso mphenzi. Thambo lionetsa mphamvu ndi nzeru za Mlengi, koma silichula cikhululukiro ca macimo.

Paulo afotokoza m'Aroma 1 kuti zooneka zikwanira kutsutsa munthu ali yense wonena kuti sanadziwe, koma kuti mtima wocimwa utembenuka kulambira colengedwa m'malo mwa Mlengi. M'mutu 8 aonjeza kuti cilengedwe comwe cibuula, cifukwa cinalowa m'tsoka la munthu. Mapiri ometedwa ndi ootcha makala, ndi mitsinje yodzala mcenga, zicitira umboni mau amenewa.

Cifukwa cace Civomerezo ca Cikhulupiriro cimene Guido de Brès analemba mu 1561 ciphunzitsa kuti Mulungu adziwika mwa njira ziwiri: mwa zolengedwa, zimene zikunga buku lokongola, ndiponso moonekera bwino koposa mwa Mau ace. Buku laciwirilo ndilo liulula kuti Iye amene zonse zinalengedwa mwa Iye anakhala munthu, analetsa namondwe pa nyanja ya Galileya, nafera ocimwa. Yankho la mlimi uja silipezeka m'mitambo, lipezeka pa mtanda.

Ngakhale kalendala ilumikiza mabuku awiriwo. Tsiku lokumbukira kuuka kwa Ambuye lisuntha caka ndi caka, pakuti ligwa pa Sondo lotsata mwezi wathunthu woyamba kuyambira pa 21 Marici. Mwezi, umene mitundu ina inaugwadira, wasanduka kalinde wolozera anthu ku manda opanda kanthu.

4. Coyenera Mkristu

Wodziwa izi saopa kadamsana monga malodza, ndipo sathamangira kwa woombeza mvula ikacedwa. Apemphera kwa Atate, napirira. Pa masika abwera naco copereka cace ku nyumba ya Mulungu, podziwa kuti iye anangodzala ndi kupalira, koma womeretsa ndi wina. Sadula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, satentha thengo cabe, pakuti wolemekeza mlembi sang'amba buku lace. Ndipo aphunzitsa ana ace, powaonetsa Nthanda mbandakuca, kuti Iye amene asunga nyenyezi m'njira yace sadzalephera kusunga pangano lace.