Teremu Yoyamba kwa Eni: Phunziro kwa Ana Ochokera ku Malawi Okhala ku Highfield

Khalani pansi, ana anga. Inunso amalume ndi azakhali amene mwawaperekeza musatuluke, chifukwa theka la phunziroli ndi lanu. Anawa atsika basi dzanadzanali atadutsa Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi pa Tete ndi chipata cha Nyamapanda, ndipo sabata yamawa akhala pa desiki pakati pa anzawo olankhula Chishona. Mwana amene ankakhala nambala wani kwawo akhoza kufika kuno n'kutseka pakamwa teremu yonse, aphunzitsi n'kumamuyesa mbuli. Nzeru zake sizinatsale pa malire ayi. Chimene chamusokoneza ndi dongosolo la sukulu limene palibe anamufotokozera, ndipo ndicho ndikufuna tiunikire lero.

Tiyambe ndi kalendala. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, pamene kuno ku Zimbabwe chimayamba mu Januwale n'kutha kumayambiriro kwa Disembala. Choncho mwana amene watsekera sukulu kwawo mu Julayi n'kubwera kuno amapeza anzake akulowa teremu yachitatu, silabasi ili kumapeto. Komanso pulayimale ya kwathu ndi ya zaka 8, Sitandade 1 mpaka 8, pamene ya kuno ndi ya zaka 7, Grade 1 mpaka Grade 7, ndipo mwana asanalowe Grade 1 amakhala atadutsa kale makalasi awiri a mkombaphala otchedwa ECD A ndi ECD B. N'chifukwa chake musaumirire kuti wa Sitandade 6 alowe Grade 6 basi poti manambala akufanana. Ahedi akanena kuti mwana abwerere kalasi imodzi, ine ndimalangiza kuti muvomere. Chaka chimodzi chobwereza chimapweteka mtima pang'ono, koma kulemba mayeso a Grade 7 usanagwire chinenero kumatseka zitseko za sekondale zabwino.

Mayeso kwathu amayendetsa ndi a MANEB, kuno ndi a ZIMSEC. Pa Fomu 4 kuno amalemba O Level, ndipo kukhoza phunziro ndiko kupeza C kapena kuposa apo. Chimene aliyense amafunsa ndi chakuti kodi uli ndi maphunziro 5 okhoza, Chingerezi chili momwemo. Kenaka pali zaka zina ziwiri, Fomu 5 ndi Fomu 6, za A Level, zimene sukulu zambiri za ku Malawi zilibe. Apa mvetserani bwino inu akuluakulu amene mwabwera ndi satifiketi ya MSCE. Kwathu wa mapointi 6 ndiye katswiri, ndipo mapointi akamachuluka ndiye kuti zinthu zikuipa. Pa A Level n'zotembenuka: A ndi mapointi 5, ndipo wolemba maphunziro atatu akapeza 15 ndiye wakwapula zonse. Mukamva mnzanu akunyadira mapointi 14 musamumvere chisoni. Dziwaninso kuti MSCE imawerengedwa pa mlingo wa O Level, kotero wofuna University of Zimbabwe njira yake yodziwika ndi kudzera ku Fomu 5.

Za mapepala ndinena mwachidule. Mwana wa pasipoti ya Malawi afunika chilolezo chophunzirira chochokera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo sukulu idzafuna chikalata cha kubadwa ndi lipoti la sukulu imene wachokera. Musadikire mpaka nthawi yolembetsa mayeso.

Tsopano chinenero, pamene ndikufuna tikhalitsepo. M'kalasi la ana okulirapo mabuku ndi a Chingerezi, koma mphunzitsi akaona kuti ana sakumva, amamasulira m'Chishona. Pamenepo ndi pamene mwana wathu amatayika kawiri: Chingerezi chamudutsa, kumasulirako kwamudutsanso, ndipo kalasi yonse ikamaseka nthabwala iye amangoyang'ana pansi. Pabwalo la mpira, pa mzere wogula mabanzi, mu kombi yopita ku Machipisa, monsemo ndi Chishona. Ndiponso ndi phunziro lolembedwa pa mayeso. Mwayi wanu ndi wakuti Chishona ndi Chichewa ndi zinenero zapachibale: mayina amagawidwa m'magulu mofanana, aneni amamangidwa mofanana, ndipo khutu la mwana limazolowera msanga akamalankhula. Woopa kusekedwa ndiye amachedwa. Lankhulani molakwitsa, akusekeni, akukonzeni, mawa mulankhulenso. Ndipo mphunzitsi akamasulira m'Chishona inu osamva, imikani dzanja mupemphe kuti abwereze m'Chingerezi. Safunsa anadya phula.

Ulemu wa kuno suli kutali ndi wathu, koma uli ndi kachitidwe kake. Moni umatsata nthawi, wam'mawa, wamasana ndi wamadzulo, ndipo wamng'ono ndiye amayamba kulonjera wamkulu. Munthu akakupatsa chinthu umayamba waomba m'manja usanalandire. Mukapita kwa mnzanu kukalemba homuweki, lonjerani aliyense wa m'nyumbamo musanakhale.

Tsiku lina wina adzakufunsani mutupo wanu, ndiko kuti mfunda wanu. Ashona amadziwana ndi mfunda wotengera kwa bambo, umene nthawi zambiri umakhala wa nyama: Shumba, Moyo, Soko, Mhofu, Mbizi. Ngakhale sukulu zina za pulayimale muno mu Highfield zili ndi mayina ngati Mbizi ndi Mhofu. Funso limeneli lavutitsa ana athu ambiri, chifukwa anthu ochokera ku Malawi akhala akunyozedwa kuno kuti ndi opanda mfunda, mpaka andale ena ananenapo zimenezi poyera. Ena amakutchulani mayina achipongwe otengera ku Blantyre kapena ku Nyasaland. Zimandipweteka kwambiri ndikaona mwana akubisa dzina la Phiri, Banda kapena Mwale n'kubwereka la eni kuti asasekedwe. Mfunda muli nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa Achewa mwana amawerengedwa ku mbumba ya amayi ake, ndipo amalume ndiwo mwini mbumba. Fotokozani zimenezo modekha, mudzaona kuti ambiri amafunsa chifukwa chofuna kudziwa pokuikani pa chibale.

Komanso musadzione ngati oyamba. Highfield inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kuti muzikhala anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury, Harare ya lero, ndipo pakati pa ogwira ntchito mumzindawu panali anthu ambirimbiri ochokera ku Nyasaland. Anali ochuluka moti mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nyasaland inatumiza mbusa kudzawatumikira, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Ena anabwerera sukulu yeniyeni. Henry Masauko Chipembere atachoka ku Blantyre Secondary School anadzaphunzira ku Goromonzi, kum'mawa kwa mzinda uno, asanapite ku Fort Hare ku South Africa. Mu 1957 University College of Rhodesia and Nyasaland inatsegula makalasi ku Mount Pleasant, ndipo dzina la dziko lathu linali m'dzina lake, pamene Malawi inalibe yunivesite yakeyake mpaka 1965. Koleji imeneyo ndi imene lero ili University of Zimbabwe. Muno momwemo mu Highfield, mu 1962, makolo anatsegula Highfield Community School motsogozedwa ndi Josiah Chinamano kuti ana osowa malo m'sukulu za boma la atsamunda aphunzire. Dera lino limadziwa kufunika kwa desiki.

Ana obadwira kuno kwa makolo a ku Malawi ali ndi nkhani yawoyawo. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo akuwerengedwa ngati alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo ndi lochokera m'dziko la SADC, ndipo malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka mu Zimbabwe. Choncho m'kalasi mwanu mukhoza kukhala mnzanu wa ku Egypt, ku Jerusalem kapena ku Canaan, zigawo za Highfield zomwezi, amene agogo ake amalankhula Chichewa ngati inu, ngakhale iye mwini sanakuuzeni. Musamuulule pagulu. Mulonjereni pambali, ndipo akamasuka ndiye adzakhala womasulira wanu woyamba.

Inu amalume ndi azakhali, mwana akaweruka musamangomufunsa ngati wadya. Tsegulani kope lake, muone ngati akulemba notsi kapena masamba ali mbee. Lankhulani naye Chishona pa msika, Chichewa pa mphasa madzulo. Ndipo pitani mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi yake sabata yoyamba yomweyi, muwauze kumene wachokera ndi pamene analekezera.

Lolemba aliyense abwere ndi lipoti lake lomaliza la ku Malawi, chikalata cha kubadwa, ndi moni utatu wa Chishona ataloweza pamtima. Afunsenso kunyumba mfunda wa amayi ake ndi wa bambo ake, chifukwa ndidzayamba ndi funso limenelo.